Minibasi ya chakudya ija isachoke, koma mphwanga asinthe kaphikidwe

Lero za fetereza tizisiye kaye. Nkhani ndi ya minibasi ija yaima pamsewu kufupi ndi potembenukira ku Bembeke, imene inatikanganitsa kwa amfumu Lamulungu lapitali mpaka dzuwa kulowa.

Amene simunafike kumudzi chaka chino ndikuuzeni kaye. Mphwanga, mwana wa achemwali anga, anakhala zaka zinayi ku Johannesburg akugwira ntchito m'khitchini. Pobwerako sanagule njinga yamoto ya kabaza ngati anzake. Anagula minibasi yotopa, nazula mipando yonse, naikamo chiwaya, mashelefu ndi mgolo wa madzi, m'mbalimo nadula zenera logulitsirapo. Injini imalira tsiku limene yafuna. Anayamba mu Epulo, koma mpaka lero ndalama imene akupeza ikungothera kugula mafuta ophikira.

Pamsonkhano paja amayi ogulitsa kachewere ndi kabichi anati achoke, watseka malo oimapo magalimoto. Anyamata anati ayi, vuto ndi loti alibe sipika yaikulu ndi magetsi othwanima. Ine ndikuti minibasi isachoke, sipika isabwere, ndipo mphwangayo nayenso akulakwitsa, chifukwa akugulitsa masoseji ndi buledi wopaka zinthu zofiira kwa anthu amene angochoka kumene mumzinda momwe masosejiwo amachokera.

Taganizani amene amadutsa pano miyezi ino. Munthu wanyamuka ku Lilongwe m'bandakucha, wadutsa pa boma pa Dedza, akafika kwathu kuno nkhungu yatseka msewu, zala zauma, m'mimba mulibe kanthu. Ndipo miyezi ya Meyi, Juni, Julayi ndi Ogasiti ndi imene M1 imadzaza. Alimi a fodya akuchokera ku okushoni ku Kanengo. Anthu akupita ku maukwati ndi ku ziliza, poti zonsezi timachita tikakolola. Abale a m'tauni akubwera kudzatenga chimanga. Madalaivala a mathiraki. Azungu nawonso nyengo yawo ndi inoyi: ena amabwera kudzaona zojambula za pamiyala ku Chongoni, ena amakhota pa Masasa kutsikira ku Golomoti, kupita ku Mua ndi kunyanja. Ogasiti akamatha pamadutsa gulu lopita ku Umhlangano ku Ntcheu. Zikatha zimenezo kwatentha, anthu akufuna zozizira za mufiriji, ndipo firiji mphwanga alibe. Ndiye kuti munda wake ndi wa miyezi inayi basi. Akagona mu Juni, wagona chaka chonse.

Tsono munthu wozizidwa amaima chifukwa chiyani? Ine ndinaona ndi maso anga. Chaka chatha mu Julayi ndinali pamsewu ndi matumba anga a kachewere kudikira galimoto. Kunazizira zedi, ndinasonkha moto wa zitsononkho kuti ndiothe. Sipanapite nthawi, galimoto yoyera inaima. Bambo wina anatsika, nati, "Achimwene, ndiotheko pang'ono." Kenaka anatsika akazi awo ndi ana. Anakhala mphindi ngati makumi awiri, ndipo pochoka anagula ndowa ziwiri za kachewere, kabichi ndi nsawawa kwa amayi omwe aja akuti lero minibasi ichoke. Palibe anawaitana, palibe anaimba nyimbo. Anaona utsi ndi moto basi.

Ndiye choyamba mphwanga aike mbaula ziwiri panja, poonekera kutali, ndi mabenchi mozungulira. Asagule makala ayi. Ndi okwera mtengo, a zankhalango amalanda, komanso mapiri athu mukuwaona momwe ayerera. Zitsononkho nthawi ino zili mbwee pakhomo lililonse, tikungozitaya kudzala. Zanga akatenge ulere.

Za chakudya ndinamuuza pamaso, ndipo pano ndikubwereza. Mayi wa ku Area 25 kapena ku Ndirande soseji amaidziwa. Chimene akusowa ndi futali wa mbatata wothira nsinjiro zokwanira, ngati amene ankaphika agogo ake. Chigumu chotentha. Tiyi wa mkaka wa ng'ombe weniweni, m'kapu yaikulu, woti ukagwira manja amasuke. Kachewere wophika ndi tomato ndi anyezi. Msuzi wa mang'ina kwa madalaivala. Tchipisi ndi kanyenya zikhalepo, sindikukana, koma tchipisi chili pa siteji iliyonse kuyambira ku Nathenje mpaka ku Zalewa, ndipo chimamwa mafuta ngati njovu pamtsinje. Futali safuna mafuta. Chiyambire pamene kwacha inagwa mu Novembala 2023, aliyense wophika akudziwa chimene ndikunena.

Iye anandiyankha kuti, "Amalume, zimenezo ndi zakumudzi, anthu andiseka." Aaa! Kodi pano ndi pati? Si kumudzi?

Tsopano ndifike pa nkhani imene pamsonkhano paja anthu anachita nayo manyazi: chimbudzi. Ife abambo timadzinamiza kuti woyendetsa galimoto ndiye amasankha poima. Ayi ndithu. Amasankha ndi amayi amene akhala pambali pake ndi ana kumbuyo. Mayi amene wayenda maola awiri m'mphepo safunsa kuti pali nyama yanji, amafunsa kuti pali pothandizikira? Panopa mlendo akafunsa timamulozera kuseri kwa tchire, m'munda mwa eni ake. Ameneyo adzaimanso? Pakufunika chimbudzi chokhala ndi chitseko chotsekeka, chosesedwa m'mawa ndi masana, panja pake mpondagiya ndi sopo. Pa zenera logulitsira pakhale ndowa ya mpopi, anthu asambe madzi oyenda, osati beseni limodzi anthu khumi. Tisaiwale kolera ya 2022 mpaka 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Anthu a m'tauni sanaiwale. Akaona ntchentche pachiwaya ndi madzi akuda otsukira mbale, amakweza galasi n'kupitirira. A zaumoyo nawonso akabwera sadzamva zoti ndi mwana wa achemwali anga.

Pali chinanso chimene chikutipha tonse pamsewu pano, ndipo ndiyambe ndi kudziulula ndekha. Zaka zapitazo inaima galimoto ya nambala yakunja, munali mayi wachizungu. Ndowa ya kachewere ndinatchula mtengo wowirikiza katatu. Mayi uja anandiyang'ana, nandiyankha m'Chichewa chomveka bwino kuposa cha ana anga kuti, "Bambo, dzulo ndagula pa Lizulu, mtengo ndikuudziwa." Anapita osagula kanthu, kwa ine ngakhale kwa anzanga. Manyazi ake mpaka lero ndikawakumbuka ndimatuluka thukuta. Timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndiye timuthyole lero lomwe. Koma mame a masiku ano ali ndi foni. Akafika kwawo amalemba pa WhatsApp kuti pamalo paja musaimepo, ndi akuba. Mphwanga alembe mitengo pabolodi ndi choko, zilembo zazikulu, mtengo umodzi kwa wa Prado ndi wa njinga yakapalasa. Alembenso kuti amalandira Airtel Money ndi Mpamba, poti ambiri sayenda ndi ndalama m'thumba.

Kwa inu amayi a pamsewu, ndikumva nkhawa yanu, ndipo sindikuipeputsa. Koma galimoto yodutsa pa liwiro sigula kabichi. Imene yaima kuti anthu amwe tiyi ndi imene imatsegula buti. Chimene tingapemphe kwa amfumu ndi ichi: minibasi isunthire kumunsi pang'ono kuti isatseke kutsogolo kwanu, mphwanga asagulitse chilichonse chachiwisi, ndipo mbatata, mtedza, tomato, anyezi ndi mkaka azigula kwa ife konkuno, kulipira pompopompo. Akakagula ku boma chinthu chimene chili m'dimba mwathu, ine ndidzakhala woyamba kunena kuti achoke.

Nafenso tisamudye mpamba. Ndaona kope lake la ngongole, ndipo maina ambiri ndi a pachibale. Langa lilimo kawiri. Ndalipira dzulo ndisanalembe izi, kuti ndiyankhule pakamwa poyera. Anyamata okonda kachasu aja asamadzaze mabenchi kuotha moto wa alendo kuyambira m'mawa, ndipo ana asamazungulire magalimoto kupempha. Zimenezi ndi za makolo, si za mphwanga.

Inu a m'tauni, mukamadutsa musamangoliza hutala n'kutibayibitsa. Imani, gulani ndi ndalama zanu, jambulani futaliyo muonetse anzanu a kuntchito. Mukakhala gulu lopita ku ukwati kapena ku chiliza, tumizani uthenga dzulo lake kuti tiyi mumupeze atawira kale.

Malo a chimbudzi ndapereka ine, pakona pa munda wanga wa m'mbali mwa msewu, ndi mitengo ya bulugamu isanu ndi umodzi. Tikumba Loweruka m'mawa. Pakusowa malata awiri ndi chitseko. Amene ali ndi piki abwere nayo, yanga inathyoka mpini.