Za Matayala Osabooka Msanga

Mphunzitsi wopalasa njinga popita kusukulu amadziwa kuti munga umodzi ukhoza kumuphonyetsa phunziro loyamba. Vutoli lidabwera ndi tayala lopopa limene John Dunlop adapanga mu 1888. Mpweya udafewetsa ulendo, koma ukapeza kabowo umathawa.

Makono opanga matayala amayala nsalu ya Kevlar kapena mphira wokhuthala mkati, mbali yogunda pansi. M'tayala la Schwalbe Marathon Plus mphirawo ngwa mamilimita 5. Tayala lotere nlolemera, mtengo wakenso ngwokwera. Kwa wopalasa mwa apo ndi apo, chigamba ndi guluu nzokwanira. Koma wakabaza, amene njinga ikaima ana amagona ndi njala, asanakane mtengowo ayambe wawerengera ndalama zimene amasiya kwa wokonza njinga mwezi uliwonse.