Chigongono cha paipi chimadya magetsi

Madzi ambiri amene anthu a mumzinda wa Blantyre amamwa amachokera mu mtsinje wa Shire, ku Walker's Ferry. Mapampu amawakankha mtunda wa makilomita pafupifupi 40, kukwera chitunda mpaka afike m'mathanki a mumzinda. Zoti kukweza madzi kumadya magetsi, aliyense amadziwa. Koma pali mphamvu ina imene imatayika m'malo okhota a mapaipi, ndipo imeneyi ndi ochepa amaiwerengera.

Katswiri wa ku Germany, Ludwig Prandtl, anafotokoza gwero la vutoli mu 1904 pa msonkhano wa akatswiri a masamu ku Heidelberg. Madzi oyandikana ndi khoma la paipi amayenda mochedwa chifukwa chokhulana ndi khomalo. Paipi ikakula mwadzidzidzi kapena ikakhota kwambiri, madzi ofookawa amalephera kupitirira. Amachoka kukhoma, ena amabwerera m'mbuyo n'kumangozungulira pamalo amodzi, monga amachitira madzi kuseri kwa mwala mumtsinje. Mphamvu imene pampu yawononga pa madzi amenewo imangosanduka kutentha pang'ono, basi. Ku thanki mphamvuyo sifika.

Choopsa n'chakuti madzi akathamanga kawiri kuposa poyamba, mphamvu yotayika pa chigongono imachuluka kanayi. Poti m'paipi yowonda madzi amathamanga kwambiri, munthu amene wagula paipi yotere kuti apulumutse ndalama ku hadiweya, amabweza ndalamazo mwezi ndi mwezi pogula mayunitsi a magetsi kapena dizilo.

Pa paipi yaitali ngati ya Walker's Ferry, gawo lalikulu la magetsi limapita ku kukweza madzi ndi kukhulana ndi khoma. Zigongono zimaluma kwambiri pa mapaipi aafupi: m'nyumba ya pampu, pa sikimu ya ulimi wamthirira, pa pampu ya sola yodzazitsa thanki pasukulu. Kumeneko bendi yokhota pang'onopang'ono imataya mphamvu yochepa kuposa yokhota ngati ngodya ya khoma. Polumikiza paipi yaing'ono ndi yaikulu, cholumikizira chofutukuka pang'onopang'ono, pa madigiri pafupifupi 7, chimasunga madzi kukhoma. Ngakhale mavalavu amasiyana: globe valve imataya mphamvu yochuluka kwambiri kuposa gate valve yotsegulidwa yonse.

Makomiti a masikimu ndi akuluakulu ovomereza mapulojekiti a madzi asamangofunsa mtengo wa pampu. Afunsenso pulambala kukula kwa paipi, chiwerengero cha zigongono ndi mtundu wa mavalavu asanasaine.