Laibulale si Kumanda

M'dziko muno muli malo awiri kumene munthu wamkulu amayenda monyang'ama ndi kuyankhula monong'ona: kumanda ndi kulaibulale. Za kumandazo chifukwa chake tikuchidziwa. Koma kulaibulale anatilodza ndani? Ukangolowa pakhomo, chokulonjera choyamba ndi chikwangwani cholamula kuti ukhale chete, nthawi zambiri m'Chingerezi, ndipo ukatsokomola kawiri mitu yonse imatembenuka ngati waba nkhuku.

Tayang'anani amene adzaza mipando. Ambiri ndi ana a Folomu 4 amene akukonzekera mayeso a MSCE, ena ndi anzanga a m'boma amene akusaka kapepala koti akwezedwere pantchito. Onsewa abwera ndi manotsi awo m'zikwama. Mabuku a m'mashelefu sawakhudza n'komwe. Chimene adzera ndi mpando, tebulo ndi magetsi. Pakona pali kagulu ka anyamata kodikirira nyuzipepala kuti kaone masamba olengeza ntchito. Mayeso akangotha, nyumba ija imatsala pululu.

Anawa sindikuwada ayi. Mwana wa ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi, amene amagona chipinda chimodzi ndi abale ake asanu, wailesi ya neba ili pokopoko mpaka pakati pa usiku, akawerengere kuti? Malo achete ndi ufulu wake ndipo wina asam'lande. Chimene ndikukana ine n'choti nyumba yomangidwa ndi misonkho ya anthu onse isanduke kalasi yowonjezera ya sukulu basi, agogo, amayi a mumsika, amisiri ndi alakatuli n'kumaidutsa ngati ofesi ya eni. Ndikuti laibulale iliyonse ya boma ipatule madzulo amodzi pa sabata, ndi masana a Loweruka, kuti muzikhala phokoso: nthano, ndagi, ndakatulo, zisudzo, mtsutso, ngakhale bawo pakhonde.

Wina ati awa ndi maganizo achilendo. Si achilendo konse. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la National Library Service ndi lamulo la mu 1967, ntchito n'kuyamba mu 1968, ndipo cholinga chinali kutumikira Amalawi, osati olemba mayeso okha. Bungwe la UNESCO linatulutsa chikalata chofotokoza ntchito za laibulale ya anthu onse mu 1949, n'kuchikonzanso mu 1994 ndi mu 2022. Mwa ntchito zimene chikalata cha 1994 chinatchula muli kuthandiza kusunga za pakamwa, kudziwitsa anthu za chikhalidwe chawo ndi kupereka mwayi woonera luso la zisudzo ndi zina zotero. Tsono nthano, amangwetu, mungaisunge bwanji mutatseka pakamwa? Wokamba akati "padangokhala" pamafunika khamu loyankha kuti "tili tonse", pamafunika nyimbo yapakati ndi kuwomba m'manja. Nthano yopanda oyankha ili ngati ng'oma yopachikidwa kudenga.

Chondipweteka kwambiri n'choti njira tinaiona kale. Kuyambira mu 2012 a National Library Service, mogwirizana ndi nthambi ya UNESCO ya m'dziko muno, ndi zipangizo zojambulira zochokera ku kampani ya Sony, anayenda m'maboma kujambula nthano kwa akuluakulu m'ziyankhulo zosiyanasiyana. Kulikulu lawo ku Lilongwe anayambitsanso nthawi yokambira ana nthano, ana n'kumabwera ndithu. Bungwe lomweli linasindikiza timabuku ta ana ta Werengani. Ntchito yotamandika, ndipo amene anaigwira ndiwavulira chipewa. Koma Malawi si Lilongwe yekha. Ndiponso chinthu chimene chabwera ndi thandizo la akunja chimakhala ndi tsiku lake lothera. Nthano zija zikangokhala mu kompyuta, osabwereranso m'makutu a ana a ku Karonga, ku Mulanje ndi ku Nsanje, ndiye kuti tangozisamutsa kuchoka m'manda ena kupita m'manda ena.

Yankho limene ndalimva mpaka kutopa nalo ndi loti kulibe ndalama. Ine ndagwira m'boma zaka zokwanira kudziwa tanthauzo la mawu amenewa. Ndalama zoti akuluakulu khumi ndi asanu akakhale masiku atatu kunyanja kapena ku Mponela, kukambirana za "kulimbikitsa chikhalidwe chowerenga", zimapezeka. Pamakhala alawansi, mafuta a galimoto, madzi a m'mabotolo ndi tiyi wa m'ma teni. Pobwerako amabwera ndi lipoti limene limakagona m'kabati. Nanga usiku wa nthano umadya chiyani? Mphasa zinayi, nyali yoti magetsi akathima tisabalalike, thiransipoti ya agogo awiri ndi kangachepe ka wogwira ntchito amene watsalira kuti atseke zitseko. Alawansi ya munthu mmodzi ya ulendo umodzi wa kunyanja ikhoza kulipira zonsezi mwezi wathunthu. Vuto lenileni n'loti usiku wa nthano mulibe chodyapo, ndiye palibe amene amauika pa bajeti.

Ena amati Amalawi sakonda kuwerenga, ndiye ngakhale mutakonza zotani sabwera. Mawu amenewa amandinyansa chifukwa amanenedwa ndi anthu amene sanayesepo kuitana aliyense. Anthu omwewa amene akuti sakonda mawu ndi amene amakhala chete m'minibasi ndakatulo ikamamveka pa wailesi, ndi amene amatumizirana ndakatulo pa WhatsApp. Amene munali ku Blantyre m'zaka za m'ma 1990 ndi 2000 mukukumbukira mmene anthu ankadzazira ku French Cultural Centre Lamulungu masana kukaonera zisudzo ndi kumvera alakatuli, atalipira pakhomo. Malo aja atatsekedwa mu 2011, boma linawagula n'kuwatcha Blantyre Cultural Centre, koma akuba anali atawasakaza ndipo panapita zaka aluso akulira. Phunziro lake linali poyera: luso la mzinda wonse silingadalire bwalo limodzi. Malaibulale alipo kale m'mizinda ndi m'maboma angapo, ali ndi denga, mipando ndi alonda. Chosowa ndi chilolezo.

Palinso nkhani ya nthawi. Malaibulale ambiri amatsegula ife tikulowa m'maofesi ndipo amatseka ife tikuweruka. Mayi wogulitsa tomato, kalipentala, namwino, mphunzitsi, onsewa angalowemo liti? Kenaka timadabwa kuti mumangobwera ana asukulu.

Tsopano nditembenukire kwa ife, alembi anzanga, pakuti chala chimodzi chikamaloza uko zitatu zimaloza mwini. Bungwe lathu lakhalapo kuyambira 1995. Mlembi akasindikiza buku amathamangira kuhotela, kuitana nduna kapena bwana wa kampani, kope loyamba n'kuligulitsa pamtengo wa njinga yamoto. Odya bwino aja amagula, amajambulitsa, buku n'kukaliiwala pampando wa kumbuyo kwa galimoto. Mwana amene akanaliwerenga mpaka kuthothoka chikuto sanaloledwe ndi kulowa pageti. Kodi chimatiletsa n'chiyani kukakhazikitsira buku m'laibulale, kuwerenga mutu umodzi mokweza, kulola anthu atifunse mafunso ngakhale otichititsa manyazi, n'kusiya makope awiri pashelefu? Mwina timaopa mafunsowo. Tikumbuke kuti gulu la alembi la ku Chancellor College, limene linayamba mu 1970 ndipo munadutsa anthu ngati Jack Mapanje ndi Lupenga Mphande, silinali ndi hotela kapena mlendo wolemekezeka. Linali chipinda, mapepala ndi anthu okonzeka kudzudzulana, pa nthawi imene kuyankhula kunali koopsa. Ife lero tili ndi ufulu wonse koma tilibe chipinda.

Ndipo zowerenga pa madzulo oterewa sizingasowe. Funsani wachinyamata wa zaka makumi awiri ngati anagwirapo Nthondo la Samuel Josiah Ntara, buku la mu 1933 limene linapata mphoto pampikisano wa mabuku a m'ziyankhulo za mu Africa n'kumasuliridwa m'Chingerezi. M'funseni za Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, za Ntchito za Pakamwa la E. J. Chadza, za Njala Bwana la Willie Zingani, za Mtima Sukhuta la Jolly Max Ntaba, kapena ndakatulo za Benedicto Wokomaatani Malunga. Amene akuwadziwa anawadziwira pa silabasi, mokakamizidwa, ndi mantha a mayeso. Ambiri mwa mabukuwa kuwapeza m'sitolo ndi ntchito. Kope limodzi likakhala pashelefu limatumikira munthu mmodzi pa milungu iwiri. Kope lomwelo likawerengedwa mokweza limafika kwa anthu makumi asanu usiku umodzi, kuphatikizapo amene sanapite kusukulu ndi amene maso anayamba kuchita chidima. Mabuku ochokera kunja amene mabungwe ngati Book Aid International amatipatsa ndi othandiza, sindikuwanyoza, koma palibe wa ku London amene adzatitumizire Gwengwe.

Ndikamati Chichewa sindikutseka pakamwa ena. Ku Mzuzu nthano zikambidwe m'Chitumbuka, ku Mangochi m'Chiyao, ku Nkhata Bay m'Chitonga. UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu ndi Vimbuza mu 2005, ndi Tchopa mu 2014. Timanyadira izi m'zoyankhula za pa zikondwerero, koma ndi ana angati a m'tauni amene anamvapo munthu wodziwa akufotokoza tanthauzo lake, iwo n'kufunsa mafunso?

Chenjezo langa ndi limodzi. Tisatenge madzulo amenewa n'kuwasandutsa mwambo wa boma, wa mlendo wolemekezeka wofika mochedwa ndi maola awiri, ana atakhala padzuwa atavala malaya a bungwe, zoyankhula zisanu m'Chingerezi, kenaka ndakatulo imodzi yotamanda mlendoyo. Zotere timaziona pa 8 September, tsiku lokumbukira kulemba ndi kuwerenga, ndipo sizinapangepo wowerenga ndi mmodzi yemwe. Chofunika ndi chinthu chaching'ono chochitika sabata ndi sabata, tsiku lomwelo, nthawi yomweyo, mpaka anthu a m'dera azolowere monga anazolowerera tsiku la msika.

Nthambi iliyonse ya bungwe lathu ilembe kalata kwa woyang'anira laibulale ya m'dera lake, yopempha zinthu zitatu: chipinda kapena khonde, maola awiri Lachisanu madzulo, ndi wogwira ntchito mmodzi wosunga makiyi. Owerenga, okamba nthano ndi mphasa tibweretsa tokha. Akakana, atiyankhe polemba, asainire ndi kudindapo chidindo, kuti yankholo tikalionetse kwa phungu wa dera ndi ku khonsolo.