Tikiti Yotsika Mtengo Ndi Fodya wa Pachala

Mwezi uno ticheze ndi mabanja a anzathu ogwira ntchito m'makampani a ndege kuno ku Livingstone. Anthu amati wantchito wa ndege amapita ku London ndi ndalama yogulira mbuzi. M'mawuwa muli choonadi, koma mbali imene sanena ndiyo imaliritsa ana pabwalo la ndege.

Makampani ambiri amalola antchito awo, pamodzi ndi akazi kapena amuna awo ndi ana, kugula matikiti motsika mtengo. Yodziwika kwambiri ndi tikiti ya ID90: mwiniwake amalipira gawo limodzi mwa magawo 10 a mtengo wathunthu, kuonjezapo misonkho ya pabwalo imene sachotsera. Palinso mgwirizano wa ZED, umene unayamba mu 1994, wolola wantchito kukwera ndege za makampani ena pamtengo wotengera kutalika kwa ulendo. Koma matikiti otere sapatsa munthu mpando. Amangomlola kuima pambali kufikira onse olipira mtengo wonse atalowa. Mipando ikatsala, amayamba kuitanidwa ndi antchito a eni ndegeyo, ndipo kawirikawiri amatsogola amene anakhalitsa pantchito. Makolo anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Kwa ife a ku Livingstone mphepoyo imaomba kangapo. Pabwalo la Harry Mwaanga Nkumbula palibe ndege yopita molunjika ku Ulaya. Wofuna ku London kapena ku Rome ayenera kusintha ndege ku Lusaka, ku Johannesburg kapena ku Nairobi, ndipo wodzera ku Lusaka adzasinthanso kutsogolo. Kupita ndi kubwerera ndi zipata zosachepera zinayi, ndipo pa chilichonse angauzidwe kuti ndege yadzaza. Tikumbukirenso kuti mzinda wathu ndi wa alendo. Kuyambira Julaye mpaka Okutobala odzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya amadzaza ndege, ndipo pa Khirisimasi aliyense amathamangira kwawo. Nyengo yotentha, ndege yaing'ono ikhoza kunyamuka ndi mipando yopanda anthu chifukwa kulemera kwafika pamalire, ndipo woyamba kutsala ndi wa tikiti yotsika mtengo.

Nanga tichitenji? Choyamba, ulendo tiukonze kuyambira kumapeto. Funso loyamba si lakuti tinyamuka liti, koma tiyenera kukhala pantchito liti, ndipo ana atsegulira sukulu tsiku lanji. Pa tsikulo tichotsepo masiku awiri kapena atatu, ndipo limenelo likhale lobwerera. Bwana samva zakuti ndege inadzaza; ambiri mwa malamulo a ntchito amati kujomba chifukwa cha ulendo wotere ndi mlandu wa wantchito mwini.

Chachiwiri, tisanyamuke popanda ndalama yokwanira kugula tikiti yathunthu yobwerera, pamodzi ndi ya malo ogona masiku angapo. Amene alibe ndalamayi, ulendowo sanaukwanitse ayi, ngakhale tikiti ili m'thumba.

Chachitatu, njira zikhale ziwiri. Ya ku Johannesburg ikatsekeka, ya ku Lusaka ilipo, ndipo makilomita pafupifupi 480 a pakati pa mizinda yathu iwiriyi basi imawatha tsiku limodzi. Kutsidya kwa mlatho, ku Zimbabwe, kulinso bwalo la Victoria Falls. Koma njira iliyonse ili ndi zikalata zake. Mzambia amafunika viza polowa ku Britain ndi m'maiko a Schengen monga Italy, ndipo viza ya Schengen imafuna inshuwalansi ya chipatala ya ndalama zosachepera ma euro 30,000. Tifunsiretu ngati dziko losinthirako ndege lingatilole kutuluka pabwalo tikatsala usiku. Masiku a viza nawonso apitirire tsiku lobwerera, kuopa kusanduka olakwira lamulo chifukwa chosowa mpando.

Chachinayi, banja ligwirizane lisanachoke pakhomo. Mipando ikatsala iwiri pamene banja ndi la anthu asanu, akwera ndani? Mwana wamng'ono asasiyane ndi kholo, ndipo aliyense wamkulu asunge yekha pasipoti, mankhwala ndi ndalama zake. Ulendo wa ukwati, wa maliro kapena wa kuchipatala usadalire mpando wotsala. Pamenepo tigule tikiti yeniyeni.

Chachisanu, mwayiwu ndi wa ulemu. Makampani amafuna kuti oyenda motere avale modzilemekeza ndiponso asakangane ndi ogwira ntchito pachipata. Wogulitsa tikiti yake kwa mlendo, kapena wolembetsa mnzake ngati mwana wake, amataya mwayiwo, mwinanso ntchito imene imadyetsa banja lonse.

Akuluakulu pakati pathu akukumbukira ndege ya DC-10 yotchedwa Nkwazi, imene Zambia Airways inalandira mu 1984, niyamba kupita nayo ku New York kudzera ku Monrovia mu 1988. Mu Disembala 1994 kampaniyo inatsekedwa chifukwa cha ngongole, ndipo ntchito ndi matikiti a mabanja zinatha pamodzi, Khirisimasi ili pafupi. Mu Januwale 2009 kampani ina, Zambian Airways, nayo inaimitsa maulendo ake mwadzidzidzi. Dzina la Zambia Airways linabwereranso mlengalenga mu Disembala 2021 mothandizana ndi Ethiopian Airlines, koma phunziro silinasinthe: tikiti yotsika mtengo imayenda ndi ntchito, ndipo ntchito imayenda ndi moyo wa kampani.

Sitikuti tisamayende. Ana aone maiko, makolo akaone adzukulu kutali. Koma tisanatseke chitseko cha nyumba tidzifunse: mpando ukasowa, tibwerera bwanji? Amene ali ndi yankho anyamuke ndi mtendere.