Makochi akwathu anatifikitsa kale ku Africa Cup of Nations

Loweruka lapitali ndinali pa Mayani, m'kanyumba koonetsa mpira pa kanema. Kunja kunkazizira monga kumachitira kuno ku Dedza, anyamata atabisa manja m'majekete. Mpira utatha, bambo wina anaimirira n'kunena mokweza kuti Flames sidzapita patali pokhapokha itapatsidwa kochi wochokera kunja, ati athuwa amangodziwa kusewera, kuphunzitsa ayi. Ambiri anagwedeza mitu kuvomereza. Mawu omwewa amabwera pa wailesi nthawi zonse timu ikagonja. Ine ndikuwakana.

Tiyambe ndi Kinnah Phiri. Ali mnyamata anagoletsera Bullets ndi Flames zigoli zambirimbiri, ndipo anali m'timu imene inatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978. Inde, kochi wa nthawiyo anali Mngelezi, Ted Powell, ndipo ulemu wake timupatsa. Koma mu 2008, Stephen Constantine atatula pansi udindo, anatenga timu ndi Kinnah yemweyo. Chaka chomwecho Egypt, akatswiri a Africa nthawiyo, anagwa 1-0 pa Kamuzu Stadium, chigoli cha Chiukepo Msowoya. Kenako pa 11 January 2010 ku Luanda, pa Africa Cup of Nations, Malawi inathira Algeria zigoli zitatu kwa duu. Russel Mwafulirwa, Elvis Kafoteka, Davi Banda. Algeria imeneyo inali pa ulendo wa ku World Cup chaka chomwecho. Amene tinamva masewerowo pa wailesi sitinaiwale mmene anthu anatulukira m'nyumba akukuwa.

Nanga ku Africa Cup of Nations ya ku Cameroon tinapita bwanji? Mu March 2021 Richard Mbulu anagoletsa chigoli chimene chinagwetsa Uganda, pa benchi pali Meck Mwase, amenenso anavalapo yunifomu ya Flames. Ndipo tsiku limene tinagonjetsa Zimbabwe 2-1 kumeneko, kochi wochokera kunja Mario Marinica anali atabindikira chifukwa cha Covid-19. Timu anaitsogolera ndi Mwase.

Anzathu a ku Scotland, amene tili nawo pa ubale kuyambira masiku a David Livingstone, anayesa makochi akunja pa masewero a rugby. Mu 2017 anapereka timu kwa mwana wawo Gregor Townsend, amene anasewerera dzikolo masewero 82. Sanamuthamangitse atagonja koyamba. Mu 2021 anakagonjetsa England pa Twickenham, zimene zinali zisanachitike chichokereni 1983.

Chimene makochi athu amasowa ndi nthawi, maphunziro apamwamba ndi malipiro ofika pa tsiku lake. Mphunzitsi amene akuyendetsa timu ya sukulu kuno ku Mayani, ndi mpira umodzi wosokasoka pa bwalo lafumbi, akufunika kosi ya ukochi ifike pafupi naye, osati ku Blantyre kokha.

A FAM, mukadzakhala pansi kusankha kochi wa Flames, tsegulani kaye kaundula wa 2010 ndi 2021, muwerenge mayina amene alembedwamo.