Musiyeni Cher, Akuba Mawu Tikuwadziwa

Ine ndatopa nawo mlandu umene anthu akumusenzetsa Cher. Sabata yatha, pa bala ina ku Chilomoni, mnyamata wina woulutsa mawu pa wailesi anaimirira n'kulengeza kuti mayiyu ndiye anapha luso la kuyimba, ati chifukwa cha nyimbo yake ija ya Believe. Anzake m'manja phuphuphu. Ine kukamwa kunangoti yasa. Mwana woti mu 1998 anali asanabadwe n'komwe!

Tiyeni tikumbutsane. Believe inatuluka mu Okutobala 1998, Cher ali ndi zaka 52. Akuluakulu a zoyimba anali atamuika kale m'gulu la nkhalamba zoyenera kukakhala pakhonde. Ku America nyimbo yake yomaliza kufika pa nambala wani inali Dark Lady, kalekale mu 1974. Sonny Bono, mwamuna wake wakale amene anayimba naye I Got You Babe mu 1965, anali atamwalira mu Januwale chaka chomwecho cha 1998. Ndani akanabetcha ndalama yake pa mayi wotereyu?

Koma nyimboyo itangotuluka ku Britain inakakhala pa nambala wani sabata yoyamba yomweyo, n'kukakamira pamenepo masabata 7. Palibe nyimbo ina imene inagulidwa kuposa imeneyi m'dzikomo chaka chimenecho. Ku America inakwera pang'onopang'ono, koma mu Malichi 1999 inafika pamwamba pa mndandanda wa Billboard, n'kukhalapo masabata 4. Patapita zaka 25, abale! Pa nthawiyo panalibe mayi wina wamkulu choncho amene anafikapo pamenepo. Mu 2000 anam'ninkha mphoto ya Grammy.

Tsono mlandu uli pati? Ati makina. Inde, m'nyimbomo muli malo pamene mawu a Cher amathyoka ngati akuyimbira m'chitini. Imeneyo ndi Auto-Tune, pulogalamu ya pa kompyuta imene inatuluka mu 1997. Anaipanga ndi Andy Hildebrand, munthu amene poyamba ntchito yake inali yothandiza kufufuza mafuta pansi pa nthaka. Cholinga chake chinali chowongola mawu a woyimba akaphonya, mwakachetechete, omvera osadziwa. Kunena mosapsatira, anaipangira kubisa manyazi.

Cher sanabise kanthu. Mark Taylor, amene anajambula nyimboyi ndi Brian Rawling, anapotokola makinawo mpaka polekezera, ndipo mawu anatuluka achilendo moti ngakhale gogo wa kumudzi akanadziwa kuti apa pali dzanja la makina. A kampani anafuna kuti zichotsedwe, Cher anakanitsitsa. Ndipo taonani amene anachita manyazi: amuna ojambulawo, atafunsidwa ndi magazini ina, ananamizira chipangizo china n'cholinga choti anzawo asadziwe chinsinsi. Mwini mawu ndiye analimba mtima, mayi woti anali atayimba zaka zoposa 30 popanda kompyuta iliyonse yomugwira dzanja.

Sindikuti Believe ndi ndakatulo yozama ayi. Ine monga mlakatuli mawu ake sandigonetsa tulo. Ndi nyimbo yovinira, ya munthu wosiyidwa amene wakana kufa ndi chisoni, basi. Koma wakuba ndi amene amalowa usiku, osati wobwera masana akuomba ng'oma. Akuba mawu enieni ndi awa amalowa mu situdiyo ndi mawu a chule n'kutulukamo ndi mawu a mngelo, kenako pa siteji n'kumangoyasamula kukamwa, nyimbo ikulira yokha kumbuyo, ife titalipira pakhomo. Amenewo tili nawo konkuno, ndipo mnyamata wa ku Chilomoni uja amawaika pa wailesi m'mawa ndi madzulo osadandaula.

Nditamufunsa kuti, "Achimwene, nanga mwa oyimba anu a masiku anowa ndi angati angayime pano n'kutiyimbira vesi imodzi magetsi atazima?" iye anangoitanitsa botolo lina.