Loya Si wa Tsiku la Mlandu Lokha

Pali chizoloŵezi choipa chimene chazika mizu pakati pa eni mabizinesi ang'onoang'ono ku Namitete, ku Nsaru, kwa Kabudula, ku Mpingu ndi ku Nambuma. Iwoŵa amakumbukira loya pamene samani yafika kale pakhomo. Makampani akuluakulu a ku Kanengo ali ndi maloya amene amaŵerenga pepala lililonse lisanasainidwe, pamene mmisiri wa mipando, mwini chigayo ndi wogulitsa feteleza amasaina chimbulimbuli, zinthu zikavuta nkuyamba kudandaula kuti malamulo amakondera olemera. Chimene chimawapweteka ndicho kusafunsa, ndipo safunsa adadya phula.

Nkhani ya fodya ndi umboni wokwanira. Kuyambira chaka cha 2012 fodya wambiri m'dziko muno amalimidwa pa kontirakiti. Kampani imapereka mbeu ndi feteleza pa ngongole, ndipo imadula ndalama zake fodyayo akagulitsidwa. Pepala la mgwirizano limalembedwa ndi maloya a kampani pofuna kuteteza kampaniyo, ndipo pamenepa palibe cholakwa. Cholakwa nchakuti kalabu ya alimi ilibe munthu woiŵerengera pepalalo. Ngati mwalembedwa kuti mamembala adzasenzerana ngongole, mlimi wokhulupirika adzalipirira mnzake amene anagulitsa fodya kwa mavenda usiku, ndipo adzazindikira zimenezi ndalama zitadulidwa kale.

Enanso amanyadira satifiketi yopachika m'sitolo poganiza kuti ali ndi kampani. Kulembetsa dzina la bizinesi motsatira lamulo la 2012 sikusiyanitsa chuma cha bizinesi ndi chuma cha pakhomo. Ngongole ikakula, ng'ombe ndi ngolo zikhoza kugwidwa pamodzi ndi katundu wa m'sitolo. Lamulo la makampani la 2013 limalola ngakhale munthu mmodzi kutsegula kampani yokhala ndi mangaŵa akeake. Kodi ndi angati pa msika wa Nsaru amene anafotokozeredwa kusiyana kumeneku?

Chimodzimodzinso pa nkhani ya antchito. Lamulo la ntchito la 2000 limanena kuti munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, ndiponso asanapatsidwe mwai wodziteteza. Mwini chigayo amene wathamangitsa mnyamata wake mwaukali akhoza kulamulidwa ndi bwalo la milandu ya antchito kuti apereke chipepeso, ngakhale mnyamatayo analakwadi. Naye wogulitsa chimanga pa ngongole ya pakamwa ayenera kudziŵa kuti lamulo limapereka zaka 6 zokha zokasumira ngongole ya mgwirizano. Zikatha zimenezi, khoti likhoza kukana kumva dandaulo lake.

Otsutsa amati loya ndi wodula. Nzoona kuti mwini golosale mmodzi sangathe kulemba loya ntchito, koma mutu umodzi susenza denga. Amisiri a ku Namitete kapena ogulitsa zipangizo za ulimi a ku Mpingu akhoza kusonkherana kudzera m'makopaletivi awo, amene lamulo la 1998 limawazindikira, nkupangana ndi loya mmodzi kuti pa malipiro odziŵika a pamwezi aziwaŵerengera mapepala, kuwalembera mapangano ndi kuwayankha mafunso. Malipiro otere sangafanane ndi mtengo wa mlandu umene watha zaka ukuzengedwa, mwini wake akukwera minibasi kupita ku Lilongwe mobwerezabwereza, sitolo ili chitsekere.

Ena amati mapepala amaononga chibale. Koma abale aŵiri amene anagula chigayo pamodzi osalemba kanthu ndiwo amadzalekana moni, ndipo mmodzi akamwalira, wamasiye amakangana ndi alamu ake popanda umboni uliwonse. Enanso amati boma lili ndi bungwe la Legal Aid Bureau. Bungweli, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, ntchito yake nkuthandiza anthu osoŵa amene sangathe kulipira loya. Silingakhale mlangizi wa tsiku ndi tsiku wa sitolo iliyonse.

Maloya nawonso asadziyese osalakwa. Ambiri a iwo aunjikana m'maofesi a mumzinda kudikira milandu yonona, ndipo mpata umene ausiya kumidzi waloŵedwa ndi madobadoba amene amalemba mapangano abodza nkulandira ndalama. Munthu wopanda chiphaso saloledwa kugwira ntchito ya uloya, ndipo bungwe la Malawi Law Society limatulutsa maina a amene ali ndi ziphaso. Bungweli liyenera kulimbikitsa mamembala ake kuti azifika m'misika ya kumidzi pa masiku odziŵika, ndi mitengo yonenedwa poyera, akulankhula Chicheŵa chomveka.

Udindo wotsala uli m'manja mwa ogwira ntchito m'boma ndi atsogoleri a m'madera. Alangizi a zaulimi, oyang'anira zamalonda ku khonsolo ya boma la Lilongwe ndi mafumu ndiwo amakumana ndi anthuŵa tsiku lililonse. Pa msonkhano uliwonse wa kalabu kapena kopaletivi ayenera kufunsa kuti pepala limene likusainidwa laŵerengedwa ndi yani. Ngati palibe amene waliŵerenga, kusainako kuyambe kwaima kufikira atapezeka munthu wodziŵa malamulo.